Ng'ombe Yomwe Inasowa Lachinayi

A Gomezgani, omwe masiku ano amanyamula makatoni ku weyahausi ina ku Tipton, ng'ombe amazidziwa kuposa anthu. Anakulira kubusa ku Mzimba. Kuno anabwera motsatira akazi awo, a Vailet, namwino wa ku Wolverhampton. Anzawo akuthamangira ntchito zokolopa m'maofesi, iwo anakagogoda pa famu ya mayi Helen, mzungu wamasiye wa kumidzi ya Staffordshire.

Kumeneko anapeza kuti ng'ombe iliyonse ili ndi ndolo ya nambala kukhutu, ndi pasipoti yakeyake.

"Ine yanga ndinaidikira miyezi isanu," ankawauza akazi awo. "Izi kungobadwa, yafika."

Yapamtima pawo inali Queen, yaikazi yofiira. Inabadwa chotsogoza miyendo yakumbuyo, ndipo anaikoka ndi manja awo.

Mu 2001 matenda a zilonda zam'kamwa ndi m'mapazi anagwa pa famu yoyandikana nawo. Boma linalamula kuti ng'ombe za mayi Helen ziphedwe zonse, ngakhale panalibe yodwala. Tsiku lake linali Lachinayi.

A Gomezgani sanafunse munthu. Bambo awo anawaphunzitsa kuti aboma akamabwera kukhola, yabwino umaipititsa kuthengo, patsale mbewu. M'mawa wa tsikulo anatsogoza Queen kukankhalango kakuseri, n'kuimangirira pamtengo.

Aboma anafika atavala zoyera mpaka kumutu. Mmodzi ankayang'ana ng'ombe n'kumatchula mtengo wake, mnzake akufananiza ndolo ndi mapasipoti. Pasipoti imodzi inatsala m'manja. Mayi Helen anazungulira makola kawiri, nkhope itafiira.

A Gomezgani anawayandikira akumwetulira chamumtima. "Madamu, mtima pansi. Queen ndamusunga."

Mayiwo anawakokera pambali.

"Gomez, boma likulipira ng'ombe iliyonse yomwe lipha. Queen akafa, ndiye wodula kuposa onse. Akapezeka wamoyo kuthengo, ine ndili pamlandu, mwina osalandira chilichonse."

"Boma kulipira? Ng'ombe yakufa?"

"Kamutengeni, chonde."

Anapita. Atamasula chingwe sanafunikenso kukoka, Queen inkangowatsatira pambuyo monga mwa masiku onse, ikununkhiza thumba la jekete momwe munkakhala chakudya chake. Wotchula mitengo uja anaisisita pamsana, n'kuiyang'ana mano.

"Amene amasamala iyi, ntchito amaidziwa," anatero, ndipo anailembera mtengo woposa zonse.

Utsi wowotcha ng'ombe zophedwazo unafuka masiku atatu. Mayi Helen analira zenizeni. Cheke itabwera sanagulenso ng'ombe, makola aja anawasandutsa timanyumba ta alendo a holide. Pa fomu ya chipukutamisozi panalibe mzere wa mbusa.

"Bambo a Favour, mukanakhala ndi ndolo kukhutu bwenzi nanunso atakuwerengani," anatero a Vailet akusita yunifolomu. Ataona kuti amuna awo sakuseka, anazimitsa ayironi n'kukhala nawo pafupi.

Mayi Helen sanali munthu woipa. Anawalembera kalata yaumboni, yomwe inawapezetsa ntchito ya makatoniyi. A Gomezgani amaisunga m'chikwama pamodzi ndi pasipoti yawo, koma saiwerenga. Mzere womaliza amaudziwa pamtima. Umati ndi munthu wokhulupirika, yemwe pa nthawi yonse imene anagwira ntchito pa famupo sanasowetse ng'ombe ndi imodzi yomwe.