Kwanunkha Mphira

Tsiku limene Eveles anagwa pa mjigo ku Jenala, mwana wake Ufulu anali kumbuyo, khanda losayamba n'kukwawa komwe. Amayi amene anali pamzere anabalalika, zidebe zikugubuduka. Inu mukudziwa zimene timauzana kumudzi, zoti wa khunyu akagwa uthawe, thovu lake likakukhudza nawenso uyamba kugwa. Ndiye khandalo linkalira pamatope, mayi ake akuphupha, mpaka Fanny, mnzake wa Eveles kuyambira ku pulayimale, anataya chidebe n'kukamasula nsalu ija.

Ufulu anangochubuka pachipumi. Koma amene muli ndi ana taganizani, pafupi pomwepo panali simenti ya mjigo.

Kuchipatala anamuuza Eveles kuti matendawa sapatsirana, koma mankhwala azimwa tsiku ndi tsiku, mwina moyo wake wonse. Atangobwerera kunyumba, apongozi ake anafika.

"Mwanayu ndimutenga akakulire kwathu," anatero. "Lero wachubuka, mawa tilira maliro."

Eveles nayenso mantha omwewo anali nawo. Analeka kubereka mwana wake. Ankamugoneka pamphasa n'kumangomuyang'ana, manja akumuyabwa, koma osayerekeza kumunyamula ali chilili. Mwamuna wake Howard anawapempha amayi akewo kuti adikire kaye mpaka nandolo akololedwe. Anavomera monyinyirika.

Fanny ndiye sankasowa pakhomopo. Tsiku lina akusenda chinangwa anafunsa, "Kodi iwe, usanagwe sumva kalikonse?"

"Ndimamva fungo la mphira, ngati wina akuwotcha tayala. Kenako mdima."

"Nanga umakhaliranji chete? Ukangolimva uzikuwa kuti kwanunkha! Ife manja tili nawo."

Fanny anayenda nawo mawuwo ku mjigo, kuchigayo, kutchalitchi. Anawauza amayi zimene adokotala ananena: wina atenge mwana, wina amugoneke Eveles chammbali, pansi pa mutu aikepo nsalu, ndipo m'kamwa asaikemo supuni kapena chala. Mayi Makina, amene anali oyamba kuthawa tsiku lija, anapukusa mutu.

"Ine ayi, ana anga ndi ang'onoang'ono."

"Amayi, thovu lake ndinalipukuta ndi chitenje chomwe ndavalachi," anatero Fanny. "Mwandionapo nditagwa? Onani, ndikungonenepa!"

Eveles anayambanso kubereka mwana. Koyamba fungolo linamupeza kumunda. Anakuwa, Howard anaponya khasu, ndipo mwana anali m'manja mwa bambo ake mayi asanafike pansi. Kachiwiri linamupeza kutchalitchi nyimbo ili pakati. Atatsitsimuka anaona Ufulu akusewera ndi ndolo za Mayi Makina, ali pamiyendo pawo. Eveles analira, osati chifukwa cha ululu.

Nandolo atakololedwa, apongozi anabwera tsiku lamsika kudzatenga mdzukulu wawo monga anapanganirana. Anamupeza Eveles akugulitsa tomato, mwana kumbuyo. Asanamalize n'kupereka moni, Eveles anatuwa nkhope.

"Kwanunkha!"

Wogulitsa zitumbuwa anasiya beseni n'kulanda mwana. Amayi awiri anamugoneka Eveles chammbali, wina anapinda chitenje n'kumutsamiritsa, wina n'kumauza anthu kuti asamuunjirire. Anadikira. Eveles anangogona pamenepo, maso ali gwa, osagwedezeka ngakhale pang'ono.

"Komatu ngakhale ine likundinunkhira," anatero wa zitumbuwa uja.

Anatembenuka onse. Kuseri kwa benchi, Tobias wokonza njinga ankawotcha mphira womatira chubu.

"Tobias iwe, wagonetsa munthu wabwinobwino pafumbi!" anakuwa Mayi Makina. Msika wonse unafa nacho chiseko, ngakhale Eveles yemwe, uku akudzisasa fumbi.

Apongozi okha sanaseke. Anayang'ana amayi onse aja, n'kumutenga Ufulu m'manja mwa wa zitumbuwa. Eveles anaganiza kuti mwana wapita basi. Koma iwo anamuika mwanayo kumsana kwa mayi ake, n'kumanga okha nsalu.

"Kwathu ndikanamulera ndekha," anatero. "Kuno ali ndi amayi msika wonse. Akhale."

Lero Ufulu amapita yekha kusukulu. Matenda a Eveles sanathe ayi. Mankhwala akumwabe, Howard amamuperekeza kukatenga, ndipo kugwa kunachepa kwambiri. Mukamufunsa chimene chinamusungira mwana, amaloza Fanny, amaloza mwamuna wake, kenako amatambasula dzanja kuloza mudzi wonse.

Inu amene mukudwala matenda osatherapo, musabise ululu wanu chifukwa cha manyazi. Anthu sangakugwireni ngati simunawauze kuti mukugwa. Ndipo inu amene muli bwino, mnzanu akakuwa musathawe, thamangirani komweko. Mtima usagwe, abale anga, manja okuwakhani alipo.