A Clive Analoza ndi Chibwano

Ndikakumbukira a Clive, ndimamva fungo la kaliwo wawo likudutsa m'mipata ya fensi, litasakanikirana ndi la dothi lonyowa komanso utsi wa mabasi a mumsewu waukulu. Nyumba za ku Whitmore Reans, kuno kudziko la azungu, n'zomatana, khoma limodzi mabanja awiri, moti mnzako akatsokomola uko, iwe kuno umadziwa kuti chifuwa chamuyamba. Ine ndinabwera kudzalera adzukulu, poti mwana wanga Tadala anali nesi kuchipatala cha New Cross, mashifiti osadziwa Lamulungu. Ntchito yanga inali kuchapa, kuphika ndi kusuzumira pakatani. Yomalizayi sanachite kundipatsa munthu.

Anthu sindiwakhulupirira, ndipo sindipepesa. Ndinakula nthawi ya chipani chimodzi. Mlongo wanga Elisoni anamutenga dzuwa likuswa mtengo, akukonza njinga, chifukwa ananena pamowa kuti khadi lachipani salidyera nsima. Amene anamupereka sanatchule ngakhale dzina, anangoloza ndi mlomo. Elisoni sitinamuonenso.

Ndiye tsiku lina a Clive, mkulu wa khomo loyandikana nafe, wopuma ntchito ya kufakitale, anamata chipepala chabuluu pawindo n'kundiuza monyadira kuti iwo ndi a chipani chotsutsa boma. Mtima wanga unafewa ngati wa mwana. Kwathu wotsutsa anali munthu wogona atavala nsapato, woyankhulira amphawi n'kulipira ndi msana wake. Ndinati uyu ndi mnzake wa Elisoni. Ndinawatsegulira chitseko, ndinawathirira tiyi m'kapu ya alendo, iwonso n'kumandipatsira zitheba za m'dimba mwawo pamwamba pa fensi. Ankandiitana kuti Gogo, monga ankamvera kwa ana.

Tadala anandiseka. "Amayi, opozishoni ya kuno si ija mukuidziwa inu. Awatu ndi eni chuma, angoluza mpando basi. Palibe amene adzawamange."

"Iwe dziwa majakisoni ako," ndinatero, "anthu ndimawadziwa ndine."

Itafika kampeni, akuluakulu a chipanicho anadzaza wailesi yakanema. Ndinkatchera khutu ndi Chingerezi changa cha kumishoni, kudikira kuti anenepo za mafakitale otsekedwa, za nkhalamba zogona ndi zikhoti chifukwa choopa bilu ya gasi. Zimenezo ankangozilambalala. Nyimbo yomwe ankaikonda inali ya alendo: achuluka, awerengedwe, aziyezedwa matenda pachipata ngati ng'ombe za kudibi. Nthawi yomweyo Tadala amakhala akubwera kuntchito mapazi atatupa, atachezera kutembenuza pabedi makolo odwala a anthu omwewo.

Kutsidya kwa msewu, panyumba ya chitseko chobiriwira, kunkakhala Mai Phiri a ku Chipata, anzanga a kutchalitchi. Mapepala awo okhalira m'dziko muno anali atatha. Mpingo wonse unkadziwa, ndipo mpingo wonse unatseka pakamwa, chifukwa anali ndi kamtsikana kasukulu ndipo kwawo kunalibe kobwerera.

M'mawa wina ndikusesa pakhomo, a Clive anatuluka atamanga kariboni kabuluu pachifuwa.

"A Clive, mukawina, ife tilongedze?"

Anachotsa kaliwo pakamwa n'kuseka. "Inu ayi, Gogo! Inu ndinu anthu abwino. Tadala wanu anasamala mkazi wanga mpaka tsiku lomaliza."

"Nanga ochulukawo ndi ati?"

Anangokweza chibwano pang'ono, kulozetsa ku chitseko chobiriwira, kenako n'kubwezera kaliwo pakamwa.

Tsache linandilemera m'manja. Khungu lina, chilankhulo china, nyanja yonse pakati, koma kalozedwe ndi komweko kamene kanadya mlongo wanga. Ndinalowa m'nyumba, ndinatsuka kapu ya alendo ija kawiri n'kuiika pamwamba pa kabati. Masana ndinapita kwa Mai Phiri kukawauza kuti asamuke. Anandigwira dzanja. "Mayo, nipite kuti? Mwana ali pakati pa temu. Mulungu alipo."

Chipani cha a Clive chinagonja. Anamatula chipepala chawo, zitheba zinapitiriza kubwera, ine n'kumazisiya pafensi pomwepo mpaka zinyale. Masamba atayamba kuyoyoka m'mitengo, galimoto ya ofesi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko inaima pachitseko chobiriwira. Inatumidwa ndi boma la opambana aja, a chipani chofiira, omwe Tadala ankati ndi abwinoko. Mai Phiri anatuluka atavala masilipasi, kamtsikana kali m'yunifolomu, kakukoka chikwama cha mabuku. Ndinali pakatani. Nditayang'ana kumbali, ndinaona katani ya a Clive nayo ikugwedezeka.

Amene anaimba foni yowanenera sindikumudziwa. Mwina si a Clive. Koma sindinawayankhulenso, ndipo atamwalira, Tadala anapita yekha kumaliro. Ine ndinati miyendo ikuwawa.

Lero mdzukulu wanga Thoko ndi wamkulu, amavota. Amandifunsa m'Chingerezi chake chothamanga kuti, "Gogo, red or blue?" Ndimamuuza kuti mitundu ya nsalu ndinasiya kuiyang'ana kalekale. Munthu akakumwetulira n'kunena kuti "iwe ayi", thamanga ukachenjeze mnzako, ndipo sutikesi yako usaiike patali. Yanga ili pansi pa bedi mpaka pano, pasipoti ya dziko lino ili m'kati mwake.