Achemwali agwidwa ndi shoko kuntchito

Mwaswera bwanji abale. Ndili kuchipatala ndi achemwali, mayi a Chisomo. Agwidwa ndi shoko ya magetsi kuofesi komwe timakonza tonse awiri.

Abwana anagula makina okoka fumbi, okhala ngati chigubu cha matayala, koma sanatiphunzitse. Achemwali anawaza madzi pakapeti kuti fumbi lisauluke, monga timachitira posesa pakhomo ku Bangwe. Kani makinawo safuna madzi. Atangokoka madziwo anathetheka, achemwali n'kugwa. Dzanja lapsa kwambiri.

Chikundiwawa n'choti abwana atafika anawalumpha ali chigonere pansi, n'kukanyamula kaye makina awo. Munthu ndinadzutsa ndine.

Pano atumiza uthenga, akufunsa ngati achemwali abwere kuntchito mawa. Amalume, anthu amenewa tiwayankhe chiyani?