Chikho cha Lute

Ndinadzuka tambala asanalire kachiwiri, msana ukuwawa chifukwa ndinagona chotsamira chipupa. Amayi a mpingo amene anachezera kuimba anali atatopa, ena akusinza chokhala. Pakati pa nyumba panali mng'ono wanga Edina, atafunditsidwa nsalu, ndipo ndinaona kuti anthu onse asiya mpata waukulu pakati pa mphasa yake ndi mapazi awo. Munthu womwalira kale, koma ankamuopabe. Panja chiperoni chinali chitayamba, phiri losaoneka n'komwe.

Edina ankadwala khunyu kuyambira ali mtsikana. Tinazolowera kuti akagwa amaphupha pang'ono, kenaka n'kudzuka, n'kupempha madzi. Koma ulendo uwu anagwa masana akusenda chinangwa, ndipo sanatsitsimuke. Kukaleka pang'ono, kunkayambiranso. Ine ndinali ku esiteti kothyola tiyi, uthenga n'kundipeza dzuwa litapendeka. Ndinamupeza ali chagada pabwalo, thovu kukamwa, anthu atamuzungulira chapatali. Zaka zimenezo za Chitaganya aliyense kwathu ankadziwa kuti munthu akamaphupha sakhudzidwa, ati thovu lake likakugwera nawenso uyamba kugwa. Pamene amuna anavomera kumanga machila kunali kutada. Anamwalira m'njira, tisanafike ku chipatala cha ku mishoni.

Anasiya mwana mmodzi, Lute, amene mano anali atangoyamba kuguluka, ndipo nayenso anali atagwapo kale. Bambo ake analowera ku Halale osabweranso. Atsibweni anandiuza m'mawa womwewo kuti tikachoka kumanda tikambirana za amene amutenge. Ine ndinali ndi ana anga atatu, ndipo sindibisa, ndinkaopa.

Kutacha amayi anakoleza moto kuseri kwa nyumba. Nkhuni zinali zonyowa, utsi ukungokwawa pansi, aliyense akupukuta misozi yosadziwika ngati ndi ya maliro kapena ya utsi. Nyemba za kalongonda zinali zitagona pamoto, ena akusola nandolo. Osambitsa mtembo anasowa, mpaka mayi wina wachikulire anavomera, atakulunga manja m'sanza.

Anthu anayamba kufika. Ena anachokera ku Chonde pa njinga, ena ku Muloza wapansi, ena kutsidya kwa malire akulira m'Chilomwe. Tsono ine chibadwire funso silindigonera m'mimba, amayi anga ankati ndinabadwa ndi khutu lalitali. Ndikugawa madzi ndinkamvetsera, ndipo ndinadabwa kuti gulu lililonse linali ndi nkhani ya munthu amene kuphupha kunamukanirira. Wina ati anatha ngati Edina yemweyu. Wina anaphupha usiku wonse, m'mawa n'kudzuka kufunsa ngati kwatsala mbatata. Wina anapulumuka, koma mutu sunabwererenso m'malo. Amuna ankati ndi za anthu, amayi ankati pali amene anathira mchere molakwa. Koma chifukwa chake wina amadzuka wina osadzuka, palibe ananena chondigwira mtima.

Nthawi ya chakudya ndinaona amayi awiri ochokera ku Muloza atakhala paokha pansi pa mtengo wa mango. Wamng'onoyo dzanja lake linali lopsa, zala zitamatirirana, ndipo kwathu dzanja lotero timadziwa kuti mwini wake anagwera pamoto. Koma taonani, akupisa m'mbale imodzi! Wodwalayo atamwa madzi anapatsira mkulu wake chikho chomwecho, iye n'kumwa osatsuka. Ndinaiwala kuti ndine mfedwa. Ndinapita kukagwada pafupi nawo n'kufunsa.

Wamkuluyo anandiyankha akutafuna. Anati mng'ono wakeyo kuphupha kunamukaniriranso chaka china, kuyambira m'mawa. Iye anamugoneka chammbali kuti thovu lizituluka, ndipo ataona kuti sizikuleka sanadikire amuna, anamubereka kumsana mpaka pamsewu, lole ya tiyi n'kuwatenga. Ku chipatala anamubaya jakisoni wonunkha kwambiri, kuphupha n'kuleka. Ati kumeneko anamuuza kuti ena amafa ndithu ngakhale afike, koma kukakhalitsa ndiye mpata umachepa.

"Nanga thovu lija silinakugwereni?" ndinafunsa.

"Linadzadza msana wonsewu, mayi. Ndakalamba naye uyu, mwandiona ndagwa?"

Anaseka, n'kupitiriza kudya. Ine ndinaimirira n'kubwerera m'nyumba.

Tinanyamuka dzuwa lili pamutu, ngakhale dzuwalo silinaoneke. Adzukulu anatsogola ndi bokosi, akuterereka m'matope ofiira, nyimbo ikuduka akapunthwa n'kuyambiranso. Njira inadutsa m'mphepete mwa munda wa tiyi, ndipo anzanga othyola anaima ndi madengu kumsana mpaka titadutsa. Lute ankayenda yekha pambali pa gulu, wopanda womugwira dzanja. Mkulu wa mpingo sanatalikitse chifukwa cha mvula. Atakwirira, atsibweni anatenga mbale ndi chikho cha Edina, zimene palibe wina anadyerapo chiyambire kudwala, n'kuziphwanya pamtumbira.

Titabwerera ndi kusamba, abale tinakhala pakhonde. Aliyense anali ndi chifukwa chake. Uyu nyumba ndi yaing'ono, uyu ali ndi khanda, uyu mwamuna wake sangalole. Atsibweni anati basi amumangira Lute kachisakasa kuseri kwa nyumba yawo, chakudya azimuikira pakhomo. Kenaka anandiyang'ana. Ndinapempha kuti ndiyankhe kukacha, poti ndinayenera kugona m'nyumba ya malirowo.

Madzulo anthu anabalalika. M'nyumba munali zii, phulusa lokha ndi fungo la utsi, madontho akugwa kuchokera kudenga. Tinatsala awiri. Lute anatunga madzi ndi kachikho kake, anamwa, n'kukakaika pakona, kutali ndi ziwiya zina, monga anamuphunzitsira. Kenaka anayala kamphasa kake kuchitseko, kutali ndi ine.

Ndinakayang'ana kachikhoko nthawi yaitali. Ndinaganiza za ana anga, ndinaganizanso za msana wa mayi wa ku Muloza uja. Mantha analipobe, koma ndinafuna kudziwa ndekha. Ndinakatenga, n'kutunga madzi.

"Amayi aakulu, n'changa chimenecho," anatero Lute, maso ali tong'o.

"Ndikudziwa."

Ndinamwa onse. Anali madzi wamba, ozizira, onunkhira mtsuko. Lute anandiyang'anitsitsa ngati akudikira kuti ndigwe pompo.

"Bweretsa mphasayo kuno," ndinatero. "Mawa tikupita kwathu."

Anaikoka pang'onopang'ono, n'kuima pakatikati.

"Nanga ndikagwa?"

"Ndidzakugwira."

Anaiyala mogundana ndi yanga, ndipo posakhalitsa anagona, phazi lake lozizira lili pamwendo wanga.