Tambala amene a Sosamma adalonjeza

A Sosamma, oyandikana nane nyumba kuno ku Kuttanadi, anali mayi wa pakamwa. Ngakhale oyera mtima akumwamba ankawadziwa mawu awo.

Chaka china njoka yaululu idalowa m'khitchini mwawo n'kudzikulunga pa mtsuko wa mpunga. Kwathu kuno njoka ikavuta timathamangira kwa Givarugisi Woyera, msilikali wakalekale amene adadulidwa mutu pokana kugwadira mafano, ndipo pomuthokoza timapereka nkhuku pa chikondwerero chake. Mayiwo adalonjeza katambala kawo kofiira. Njoka idatuluka yokha.

Chikondwerero chisanafike amuna awo adamwalira, ana onse ali ku ntchito kunja kwa dziko. M'nyumba mudatsala awiri, iwo ndi tambala. Ankadya naye mbale imodzi, kumudandaulira za mawondo, kumukalipira monga ankachitira ndi malemu. Ndiye amutengere kutchalitchi, kumene nkhuku za malonjezo zimathera mumphika wa khamu? Ayi ndithu.

"Akulu anga, Woyera akudikiratu," ndinkawakumbutsa chaka ndi chaka.

"Adapirira nkhanza za mfumu yoipa, alephere kupirira ine? Komanso mpeni akuudziwa bwino iyeyo. Sangaufunire mnzake."

Chondidabwitsa chinali chakuti masana alionse ankamuthamangitsa tambalayo ndi tsache, kuzungulira mitengo ya kokonati mpaka onse awiri ali wefuwefu. Ine ndinkangoti ukalamba wayamba kuwasokoneza mutu.

Tambala atakalamba, nthenga zam'khosi zitayamba kuthothoka, njoka ina idapezeka pakhomo pawo. Mudzi wonse udati Woyera watumiza wokumbutsa. A Sosamma adavala zoyera, tambala m'khwapa, ulendo wa pabwato. Ndidawaperekeza, ndipo kunena zoona ndidawamvera chisoni.

Kuseri kwa tchalitchi, wophika wamkulu, a Kuriyakosi, adatsina ntchafu ya tambalayo, n'kutsinanso.

"Amayi, iyi ndi nkhuku kapena chingwe chomangira bwato? Mukufuna ansembe atsale opanda mano? Bwererani nayoni."

A Sosamma adalowa m'tchalitchi, n'kuima pamaso pa chifanizo cha Woyera ali pa kavalo wake, mkondo m'manja.

"Mwadzionera nokha, Bambo. Ine ndabweretsa. Akana ndi anthu anuwa."

Pobwerera adakhala m'bwato, akusisita khosi losupuka lija, misozi ili mbwembwembwe.

"Basi, tsache lija lipume," adamuuza tambalayo. "Zaka zonsezi kukulimbitsa nyama, mawondo anga atheratu."