Ulusi wa Tiyamike

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene mkazi wanga anabwera kusikelo akulira. Mwana wathu Tiyamike anali ndi zaka zitatu, koma pa Nsipe aliyense ankamuyesa wa chaka chimodzi. Anthu ankati n'kunyentchera. Ine manyazi anandigwira, ndipo ndinati ndikamupezere mkaka.

Ntchito ndinaipeza yosamalira maluwa. Ndinkagona kuseri kwa galaja, wocheza naye ali galu wa abwana. Mwezi ndi mwezi ndinkatumiza mkaka wa m'zitini pabasi. Mkazi wanga naye, chaka chikatha, ankamuimika Tiya pakhoma, n'kudula ulusi wolingana ndi msinkhu wake, n'kupatsira wopita ku Joni. Ndinkaupachika pamsomali. Ulusi watsopano unkaposa wakale ndi zala ziwiri zokha.

Apa mpamene ndinalakwa. Tsiku lina pafoni ndinamufunsa, "Mkaka uja mukumagulitsa pamsika, eti?"

"Mwatero, bambo a Tiya?" anatero, n'kudula foni. Ulusi sunabwerenso.

Nditabwerera, mtima udakali ndi chikaiko, ndinapeza kuti mkazi wanga anali atayamba kale kupita ndi Tiya kuchipatala chachikulu. Ulendo wotsatira tinapitira limodzi. Adokotala anafotokoza modekha kuti chiwindi chimatulutsa timadzi totchedwa IGF-1, timene timayenda m'magazi kukauza mafupa kuti akule. Koma m'thupimo mumafunikanso tolandirira timadzito.

"Mwanayu timadzi ali nato tokwanira," anatero. "Tolandirira take ndiye sitigwira bwino. Zili ngati kalata yafika pakhomo koma woilandira palibe. Anabadwa choncho."

"Nanga chakudya?" ndinafunsa.

"Wadya bwino. Mayiwa amusamala kwambiri. Azikula pang'onopang'ono, ndipo tizimuonabe."

Tinakwera minibasi kubwerera ku Nsipe. Titafika kunyumba, mkazi wanga anatsegula kachipinda kosungiramo mbatata. Zitini zonse zinali mmenemo, zopanda kanthu, zotsukidwa, zosanjikizidwa mpaka kudenga.

"Ndinasunga kuti mudzaone nokha," anatero.

Sindinathe kuziyang'ana kawiri. Zaka zonsezo ine ndinkadziona ngati wovutika ndekha, pamene iye ankasenza mwana, miseche ya anthu, ndi mawu anga aja. Ndinapepesa.

Anaitana Tiya, n'kumuimika pakhoma, n'kundipatsa ulusi ndi lumo.

"Chaka chino muyezeni nokha."