Moto Umene Ndinayatsira Mulenga

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinadana ndi munthu koyamba, ndipo munthuyo anali Mulenga, mnyamata wa nyumba yoyandikana ndi yathu ku Wusakile. Kuseri kwa komboni yathu, kupitirira mulu wa dothi la mumgodi, kunali dambo la udzu wautali ndi zitsamba. M'menemo munkakhala nkhwali zija za khosi lofiira ndi miyendo yofiira. Atate, amene anakulira ku Katete, ankati nkhwali ndi msuweni wa nkhuku amene anakana khola. Ndiwo anandiphunzitsa kutchera msampha wa chingwe.

Ndinatchera milungu itatu osagwira kanthu. Tsiku limene msampha unakola, ndinakumana ndi Mulenga panjira, nkhwali ili lende m'manja mwake, chingwe changa chobiriwira chikadali kumwendo kwa mbalameyo.

"Ni yandi iyi," anatero m'Chibemba, kunena kuti ndi yake, uku akuseka.

Anali wamkulu kwa ine, kumenyana naye kukanakhala kudzipereka ndekha. Madzulo fungo la nkhwali yanga yokazinga linadumpha mpanda n'kundipeza pakhonde. Ndinalira ndi ukali, ndipo ndinalumbira kuti andidziwa.

Inali nyengo yozizira, udzu utauma. Ndinaba machesi a amayi n'kupita mbali imene Mulenga ankatchera misampha yake. Ndinkamva atate akusimba mmene kumudzi amatenthera tchire posaka mbewa, koma ine mwana wa m'tauni sindinadziwe kuti amayamba aona kumene mphepo ikulowera. Moto unathetheka, ndipo ndisaname, mtima wanga unakondwa. Kenaka mphepo inautembenuza, motowo n'kudya dambo lonse.

Atate atafika kuchokera kushifiti yawo ya kuntchito anangonunkhiza malaya anga, basi. Ananditengera kudamboko, phulusa likundiwotcha mapazi. Pansi pa chitsamba chopserera anandionetsa kadzenje kosazama, chisa cha nkhwali. Munali mazira akuda bii, ena ataphulika, ndipo pambali pake panali thadzi limene linachedwa kuthawa.

"Iwe, Mulenga ali pati apa?" anandifunsa. "Nionetse."

Sanandimenye. Anangoti ndikumbe ndi manja anga, ndikwirire thadzilo ndi mazira ake, iwo ataimirira.

Mulenga anangotenga zingwe zina n'kukatchera kutsidya kwa mtsinje. Nkhwali sizinabwererenso kudambo kuja. Anthu ataona poyera analimapo, kenaka anamangapo nyumba. Ndikamawerenga lero kuti mtundu umenewu suli pangozi yotha, chifukwa ulipobe wambiri m'madera ena, sinditsutsa. Koma ndikudziwa mmene umathera malo amodziamodzi, poti amodzi ndinawamaliza ndine.

Mulenga ndimamuonabe ku komboni ya Chimwemwe, amagulitsa matayala, ananenepa bwino. Sindinamukhululukire. Chimene chimandiwawa n'chakuti mpaka lero sadziwa n'komwe kuti moto uja unali wake.